Kusankha zipangizo zolimba za njinga ngati ndinu wathupi lolemera

Anthu ambiri amene amalemera makilogalamu 100 kapena kuposerapo amadandaula chinthu chimodzi. Amagula njinga, amayendapo miyezi iwiri kapena itatu, kenako masipoko a kumbuyo amayamba kuthyoka, rimu imapindika, ndipo tayala limaphwa sabata iliyonse ngakhale sanaponde msomali. Akapita kwa wokonza njinga amawaikira sipoko imodzi yatsopano, koma patapita masiku ochepa ina imathyokanso. Pamapeto pake njinga ija imangoimikidwa kuseri kwa nyumba, mwini wake nkubwerera pamzere wodikira kombi.

Misewu ya muno mu Harare imakulitsa vutoli, makamaka kuyambira Novembala mpaka Malichi pamene mvula imakumba maenje mʼmisewu ya ku Mbare, Highfield, Mufakose ndi Dzivarasekwa. Komabe felemu ya njinga sikawirikawiri kuthyoka. Chimene chimavutika ndi wilo la kumbuyo, chifukwa pa njinga imene munthu amakhala mowongoka, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kulemera konse amagwera kumeneko. Choncho ngati ndalama zanu nʼzochepa, ziyambe kupita ku wilo limeneli, zina zonse zibwere pambuyo.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Sikelo yoyezera thupi, ngakhale yobwereka.
- Tepi kapena lula yokhala ndi mainchi ndi mamilimita.
- Pampu yokhala ndi geji yoonetsa kuchuluka kwa mpweya.
- Masipanala a 8, 10, 13, 15 ndi 17 mm, kuphatikizapo masipanala opyapyala omangira makoni a habu (habu ndi chitsulo cha pakati pa wilo pamene pamachokera masipoko, ndipo makoni ndi manati osongoka amene amapanikiza mabolo mkati mwake).
- Ma Allen key a 4, 5 ndi 6 mm.
- Kiyi yomangira masipoko yofanana ndi manipo a wilo lanu, timanati timene timagwira sipoko pa rimu.
- Zitsulo kapena mapulasitiki atatu ochotsera tayala pa rimu.
- Chubu chapadera, zigamba, solushoni ndi kachidutswa ka sandipepa.
- Girizi, oyilo wa tcheni ndi sanza.
- Kamaginito kakangʼono, kamene ntchito yake muiona pa gawo lachitatu.

Pokagula chipangizo chilichonse, kaya ndi mʼmashopu a mtauni kapena ku msika wa Siyaso ku Mbare, tengani chakale chija mʼmanja. Ogulitsa ambiri kuno amaitcha njinga kuti bhasikoro, ndipo mayina a zipangizo amasiyana pakamwa pa wina ndi mnzake, koma chitsulo chimene mwachiika patebulo palibe angachitsutse.

1. Werengani kulemera konse kumene njinga idzanyamule

Dziyezeni mutavala monga mumavalira popita kuntchito, kenako onjezerani kulemera kwa njinga ndi katundu amene mumanyamula kawirikawiri. Munthu wa makilogalamu 110 amene wakwera njinga yachitsulo ya makilogalamu 20, atamanga thumba la ufa la makilogalamu 10 pa kaliyala, wafika kale pa 140. Makampani opanga njinga amaika malire awo, ndipo Trek, mwachitsanzo, imaika makilogalamu 136 pa njinga zake zambiri za mʼmapiri ndi zoyendera mtauni, kuwerengera munthu, katundu ndi njinga yomwe.

Chenjezo: ambiri amangowerenga thupi lawo lokha nkuiwala mwana wa sukulu amene amamukweza mʼmawa uliwonse kapena chigubu cha madzi cha malita 20, chimene pachokha chimalemera makilogalamu 20.

2. Yangʼanani felemu ndi foloko

Pano sipafunika kuchedwapo. Felemu yachitsulo ndiyo yabwino kwa ife, chifukwa ikayamba kutopa imapindika kapena kuonetsa mngʼalu musanagwe nayo, ndipo wowotcherera aliyense wodziwa ntchito angathe kuikonza. Ngati pa felemu palembedwa 4130 kapena Cr-Mo, chitsulocho nʼcholimba kuposa chitsulo wamba. Ya aluminiyamu nayonso imapirira ikakhala yopangidwa bwino, koma ikangʼaluka ndiye kuti yatha.

Pukutani fumbi ndipo muyangʼane mosamala malo onse olumikizira mapaipi, makamaka pansi pa chishalo, pamene pamalowa foloko, ndi pamene pamakhala ekiselo ya kumbuyo, chitsulo chimene wilo limazungulirapo. Penti wotukumuka kapena kamzere kadzimbiri pamalo amenewa ndi chizindikiro cha mngʼalu. Pewani njinga zotsika mtengo zokhala ndi sipulingʼi pakati pa felemu, chifukwa sipulingʼi yoteroyo imafinyika mpaka pansi munthu wolemera akangokhalapo. Amene akufuna njinga yatsopano ya katundu angaonenso ya Buffalo, ya bungwe la World Bicycle Relief, imene imapezeka muno mu Zimbabwe. Ndi yachitsulo, ndipo kaliyala yake inapangidwa kuti izinyamula makilogalamu 100.

3. Mangitsani wilo la kumbuyo lolimba

Yambani ndi kukula kwa wilo. Pambali pa tayala pamalembedwa manambala awiri monga 50-559 kapena 40-635. Nambala yachiwiriyo ndi kukula kwa rimu mʼmamilimita: 559 ndi wilo la mainchi 26, 622 ndi limene amalitcha 700C kapena 29, ndipo 635 ndi la njinga zakuda zachikale za 28 x 1½. Manambalawa sasinthanitsika, ndipo anthu ambiri amabwerera kunyumba ndi tayala la 622 poganiza kuti lilowa pa rimu ya 635 chifukwa onse awiri nthawi zina amatchedwa 28. Zinthu zina zonse zikakhala zofanana, wilo la mainchi 26 limapirira kuposa lalikulu, ndipo zipangizo zake sizivuta kupeza.

Rimu ikhale ya makoma awiri. Mukachotsa tayala ndi tepi ya mkati, rimu ya khoma limodzi imaonetsa mitu ya manipo poyera, pamene ya makoma awiri imaonetsa mabowo okha, mitu ija ili pansi mkati. Makoma awiriwa amapanga ngati paipi yozungulira, nʼchifukwa chake rimu yotere siipindika msanga mukagwera mʼdzenje.

Masipoko akhale 36, osati 32 kapena 28, ndipo alukidwe modutsana katatu, kutanthauza kuti sipoko iliyonse idutse zinzake zitatu isanafike pa rimu. Makulidwe ake amayezedwa ndi geji: geji 14 ndi 2.0 mm, geji 13 ndi 2.3 mm, geji 12 ndi 2.6 mm. Nambala ikamachepa sipoko imanenepa. Kwa munthu wa makilogalamu 100 mpaka 120, geji 14 yachitsulo chosachita dzimbiri imakwanira ngati yamangidwa bwino, koma amene amanyamulanso katundu atenge geji 13, atayamba waona kuti ikulowa mʼmabowo a habu ndi a rimu. Apa ndi pamene kamaginito kaja kamathandiza. Sipoko yachitsulo wamba yongopakidwa zonyezimira imagwidwa mwamphamvu ndi maginito, pamene yosachita dzimbiri imagwidwa mofooka kapena osagwidwa nʼkomwe. Manipo akhale amkuwa.

Komabe chinsinsi chachikulu chili pa kamangidwe. Sipoko siithyoka chifukwa chakuti mwaikhalira tsiku limodzi ayi. Wilo likamazungulira, masipoko amene ali pansi amakhwefuka pangʼono, ndipo akakwera mʼmwamba amakungikanso. Ngati anamangidwa molobodoka, kukhwefuka ndi kukungika kumeneku kumakula, ndipo sipoko imatopa pa chigongono chake, pamene imapindikira kulowa mu habu, monga mmene waya amaduka mukamaupinda uku ndi uku. Munthu wolemera amangofulumizitsa zimenezi.

Ndinaziona ndekha pa njinga ya alamu anga, amene amalemera makilogalamu 115 ndipo amapalasa tsiku lililonse kuchokera ku Mufakose kupita kuntchito ku Workington. Anali atasinthitsa masipoko asanu mʼmiyezi iwiri. Tinapita nayo kwa bambo wina wachikulire wa kwathu amene amakonza njinga pansi pa mtengo ku Highfield. Iwo anaitembenuza njingayo, nkuyamba kuliza masipoko ndi chala imodziimodzi, khutu atalisendeza pafupi. Ina inkalira mokweza, ina inkangoti phwa ngati chingwe chonyowa. Atamaliza anati, “Achimwene, wiloli silinamangidwe, linangolukidwa. Mukandipatsa ndalama ya sipoko imodzi ndikhala ndakuberani, chifukwa mubweranso Loweruka.” Alamu anayankha kuti, “Ndiye titani, madala?” Iwo anamasula masipoko onse 36, anaika atsopano, anawakunga pangʼonopangʼono mozungulira, ndipo nthawi ndi nthawi ankafinya masipoko awiriawiri ndi manja onse mwamphamvu kuti akhazikike mʼmalo mwake. Ntchitoyo inatenga masana onse, ndipo wilo lija latha chaka osathyoka sipoko.

Mungathe kuyesa wilo lanu mwanjira yomweyo. Masipoko onse a mbali imodzi azilira mofanana. Pa njinga ya magiya, a mbali ya tcheni amakhala okungika kuposa a mbali inayo, ndipo zimenezi sizolakwika.

Chenjezo: sipoko yachitatu ikathyoka pa wilo limodzi, lekani kusintha imodziimodzi, chifukwa zotsalazo zatopa kale. Ndipo wilo latsopano libwezeni kwa wokonza pakatha masabata awiri kuti akalikungenso.

4. Sankhani habu ndi ekiselo

Pa njinga za magiya pali mitundu iwiri ya habu ya kumbuyo. Wina ndi wa fuliwilo, pamene masipuloketi onse, timawilo ta mano timene tcheni imayendapo, amalowa mozunguliza ngati nati. Wina ndi wa kaseti, pamene masipuloketi amangolowetsedwa pa habu nkutsekedwa ndi kamphete. Pa habu ya fuliwilo, makamaka ya magiya 7, mabolo a mbali ya tcheni amakhala mkati kwambiri, kutali ndi felemu, moti mbali yaitali ya ekiselo imakhala yopanda chochirikiza, ndipo ndi pamenepo imapindikira kapena kuduka. Habu ya kaseti imaika mabolo pafupi ndi nsonga ya ekiselo, choncho ndiyo yoyenera munthu wolemera. Ngati simungathe kusintha habu yonse, ikani ekiselo yachitsulo cholimba yosaboola pakati, yomangidwa ndi manati.

Kuti mudziwe ngati ekiselo yapindika, chotsani wilo ndipo muzungulize ekiselo ndi zala mukuyangʼana nsonga yake. Ikamavina, yapindika. Mʼmahabu ambiri a kumbuyo mumalowa mabolo 9 mbali iliyonse a kukula kwa 1/4 inchi, ndipo kutsogolo mumalowa 10 a 3/16 inchi. Sinthani onse nthawi imodzi, dzazani girizi, ndipo mangani makoni mpaka wilo lisiye kugwedera koma likuzungulirabe momasuka.

5. Matayala, machubu ndi mpweya

Tayala lonenepa limasunga mpweya wambiri, ndipo mpweyawo ndiwo umateteza rimu ndi masipoko. Pa wilo la mainchi 26 tengani la 1.95 mpaka 2.1, ndipo pa la 700C musatsike pansi pa 38 mm ngati felemu ikulola. Kwa woyenda pa phula, tayala la mapazi angʼonoangʼono oyandikana limapepuka kupalasa kuposa la mabuli akuluakulu. Chubu chigwirizane ndi kunenepa kwa tayala, chifukwa chopyapyala chikakokedwa mʼtayala lalikulu chimabooka msanga. Yangʼananinso tepi ya mkati mwa rimu, kuti ikhale itaphimba mabowo onse.

Pambali pa tayala pamalembedwa malire a mpweya mu PSI kapena mu bar, ndipo bar imodzi ndi pafupifupi 14.5 PSI. Munthu wolemera apope tayala la kumbuyo kufika pafupi ndi malire apamwamba, osapitirira, ndipo la kutsogolo alichepetseko pangʼono. Kukanikiza ndi chala kumanamiza, chifukwa tayala limene chala chikuliona ngati lolimba limaphwanyika munthu wa makilogalamu 110 akakhalapo. Chubu chimataya mpweya pachokha ngakhale chilibe bowo, ndiye yezani kawiri pa sabata.

Chubu chikabooka, musafulumire kumata musanaone mtundu wa bowo. Timabowo tiwiri toyandikana ngati polumidwa ndi njoka timasonyeza kuti mpweya unali wochepa, ndipo chubu chinapanidwa pakati pa rimu ndi mʼmphepete mwa dzenje. Bowo la mkati, mbali ya rimu, limasonyeza tepi yosuntha kapena sipoko yotalika. Bowo lakunja ndi la munga, waya kapena galasi, ndipo chobayacho chimakhala chikadali mʼtayala.

Mavalavu alipo atatu: Schrader, wofanana ndi wa galimoto, Presta wopyapyala, ndi Dunlop wa njinga zachikale. Onetsetsani kuti pampu yanu ikugwirizana ndi amene muli naye. Wa Schrader mungathe kupopera pamalo omwetsera mafuta, koma muzipopa pangʼonopangʼono chifukwa makina a kumeneko amadzaza chubu cha njinga mʼkanthawi kochepa.

6. Chishalo, mapedulo ndi makulanki

Chitsulo chonyamula chishalo chili ndi kamzere kosonyeza malire otulutsira. Kamzereko kasaoneke kunja, chifukwa chitsulo chikalowa pangʼono chimapindika kapena kungʼambula felemu. Ngati ndinu wamtali, gulani chachitali. Makulidwe ake amasiyana, monga 25.4, 27.2 kapena 31.6 mm, ndipo nambalayo imadindidwa pansi pa chitsulocho. Chishalo chofewa kwambiri chimakoma mphindi khumi zoyambirira zokha, kenako siponji imaphwa nkuyamba kupweteka. Pa njinga yokhala mowongoka, chishalo chachikulu cholimbirapo chokhala ndi masipulingʼi achitsulo ndicho chabwino. Muchikweze mpaka mwendo uwongoke chidendene chili pa pedulo yapansi.

Mapedulo akhale achitsulo kapena aluminiyamu. Ineyo ndinagulapo apulasitiki pa kashopu kena mtauni chifukwa chotchipa, ndipo ina inasweka nditaimirira pokwera kachitunda, phazi nkukagunda pansi. Ambiri amakhala a ulusi wa 9/16 inchi ndipo amamangidwa ndi sipanala ya 15 mm. Pedulo ya kumanzere, yolembedwa L, imamangidwa mozunguliza chakumanzere, mosiyana ndi nati wamba. Ambiri amawononga kulanki poikakamiza mbali yolakwika.

Ngati njinga yanu ndi ya kotapini, kachitsulo kokhomedwa kamene kamagwira kulanki, musayembekeze kuti nati ndiyo ilowetse kotapiniyo. Ikhomeni ndi hamala, kulanki itatsamira pachinthu cholimba, ndipo nati ingogwira. Kulanki ikayamba kugwedera, imani nthawi yomweyo, chifukwa mukapitiriza bowo lake limakula ndipo silidzagwiranso.

7. Mabuleki

Kulemera kukachuluka, mtunda woimira umatalika. Mabuleki a ndodo pa rimu yachitsulo chonyezimira amagwira mokwanira kunja kukauma, koma mvula ikagwa amatsala pangʼono kusiyiratu. V-brake pa rimu ya aluminiyamu, yokhala ndi mphira zabwino ndi mawaya atsopano, imagwira bwino ndipo siivuta kukonza. Amene ali ndi mabuleki a disiki angaike disiki ya 180 mm kutsogolo mʼmalo mwa 160 mm, ngati foloko ikulola. Buleki yopondera chammbuyo imakhalitsa koma imatentha potsetsereka nthawi yaitali, choncho onjezani buleki ya kutsogolo. Mchenga wa nyengo yamvula umalowa mʼmphira nkumadya rimu, ndiye muziuchotsa, ndipo khoma la rimu likakumbika ngati mbale, rimuyo yatha.

8. Tcheni ndi magiya

Njinga ya giya imodzi imafuna tcheni cha 1/8 inchi, ndipo ya magiya 6 mpaka 8 imafuna cha 3/32 inchi. Poyeza ngati chatha, ikani poyambira lula pakati pa pini imodzi. Pa tcheni chatsopano, pini ina imagwera ndendende pa mainchi 12. Ikapitirira ndi 1/16 inchi, kumene kuli pafupifupi 1.6 mm, sinthani tcheni. Ikafika 1/8 inchi, masipuloketi nawo adyeka ndipo asinthidwe limodzi.

Ngati muli ndi giya imodzi ndipo mumavutika ponyamuka, sinthani sipuloketi ya kumbuyo ya mano 18 nkuika ya mano 20. Liwiro lidzachepa pangʼono, koma mawondo ndi tcheni zidzapumako.

9. Konzani kathumba ka panjira

Musanyamule bokosi lonse. Chubu chimodzi, zigamba, solushoni, sandipepa, zochotsera tayala, pampu yaingʼono, sipanala ya 15 mm ndi ma Allen key zimakwanira. Mangirirani masipoko awiri apadera pa felemu ndi tepi, a utali wa wilo lanu la kumbuyo, chifukwa wokonza wa mʼmbali mwa msewu sakhala ndi utali uliwonse. Pomata chubu, palani malo okulirapo kuposa chigamba, pakani solushoni mopyapyala, dikirani mphindi pafupifupi 5 mpaka asiye kunyezimira, kenako kanikizani chigamba mwamphamvu. Musanabwezeretse chubu, yendetsani sanza mkati monse mwa tayala kuti ikole chobaya chija.

Zolakwika zimene ambiri amachita

Cholakwika chofala kwambiri ndi kuyenda ndi sipoko yothyoka poganiza kuti 35 zotsalazo zikwanira. Zoyandikana nayo zimasenza katundu wake, rimu imayamba kukhula mphira za buleki, ndipo ntchito imene ikanakhala yaingʼono imasanduka yogula rimu. Ikathyoka muli panjira, ikulungeni pa inzake kuti isakole tcheni, ndipo mupite nayo kwa wokonza tsiku lomwelo.

Ena amaganiza kuti sipoko yonenepa kwambiri imathetsa zonse, nkuika ya geji 12 pa rimu yopyapyala ya khoma limodzi, mpaka kukulitsa mabowo a habu ndi dirilo. Sipoko yoteroyo imafuna kukungidwa mwamphamvu, ndipo rimu yofooka imangʼaluka pamabowo.

Palinso kakhalidwe ka pa njinga. Kugwera mʼdzenje kapena kutsika mʼmphepete mwa msewu mutakhala pa chishalo ndi thupi lonse kumamenyetsa wilo la kumbuyo ngati nyundo. Mukaona kuti dzenje silingapeweke, chepetsani liwiro, imirirani pangʼono pa mapedulo mawondo atapindika, ndipo siyani buleki wilo lisanalowe. Mʼnyengo yamvula, thawale lililonse la mumsewu muziliona ngati dzenje.

Kuthira oyilo wakuda wochotsedwa mʼgalimoto pa tcheni kumakoka mchenga nkufulumizitsa kudyeka. Kumata chigamba solushoni akadali wonyowa kumachititsa kuti chitseguke mukangopopa. Kuchotsa tayala ndi sikuludiraiva kumaboola chubu chimene mwangomata kumene. Ndipo katundu wa pa kaliyala asamangidwe kunsonga kwenikweni, kuseri kwa ekiselo, koma mumusendeze pafupi ndi chishalo, nkugawa wolemera mbali zonse ziwiri ngati nʼkotheka.